Thanki ya Nevena Ipeza Miyendo

Nevena anali ndi nsomba. Nsomba zake sizinali zodya. Zinali zoonera. Zinkakhala m'thanki yagalasi, m'chipinda chochezera. Thankiyo inali pansi, pafupi ndi zenera.

Nevena ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti thanki ikhale ndi miyendo.

Nsombazo anamusiyira ndi Tate, bambo ake. Tate anapita ku Jeremani kukagwira ntchito. Abambo ambiri a mu Pernik anapitanso. Kale mutauniyi munali fakitale yaikulu ya zitsulo. Inkalira m'mawa, anthu n'kudzuka. Lero mufakitalemo mumamera udzu. Udzu sulemba munthu ntchito.

Tsiku lonyamuka, Tate anagwada pafupi ndi thanki.

Anati, "Nevenche, undisungire nsombazi. Ndikabwera ndidzawotcherera miyendo yachitsulo."

Chipale chofewa chinagwa. Chipale chinasungunuka. Maluwa anaphuka. Maluwa anafota. Masamba anayamba kuyoyoka. Tate sanabwere. Abwana awo ankangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa. Koma mwezi wamawawo sunkafika.

Madzulo aliwonse Tate ankaimba foni. Nkhope yawo inkaoneka pafoni, yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ankafunsa za kusukulu. Ankafunsa za dzino logwedera. Kenako ankafunsa za Meya.

Meya inali nsomba yonenepa, ya mchira wofiira. Tate anaitcha Meya chifukwa inkangodya n'kumayendayenda. Ntchito ayi.

Nevena ankagona chafufumimba pansi. Ankaloza foni kugalasi. Meya inkadutsa. Tate ankaseka. Nevena ankasekanso. Nthawi imeneyo ku Jeremani sikunkaoneka kutali.

Nevena anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake linali Kalin. Tate anamusiya atangobadwa kumene. Tsopano Kalin anali ataphunzira kukwawa.

Kalin ankakwawira kukhitchini. Ankakwawira kukhomo. Koma kwambiri ankakwawira kuthanki.

Tsiku lina anamenya galasi ndi supuni. Tsiku lina ananyambita galasi. Tsiku linanso anagwira chingwe chamagetsi chakuseri kwa thanki, n'kuyamba kukoka.

Amayi anamunyamula msanga.

Anati, "Thanki iyi ikwere m'mwamba, apo ayi ichoke m'nyumba muno."

Anafotokoza kuti Lamlungu kubwera azakhali ndi galimoto. Azakhaliwo ankakhala kutali, kuseri kwa mapiri. Thanki ikakhala idakali pansi, adzapita nayo.

Nevena analoza tebulo. Amayi anapukusa mutu. Anati madzi amalemera kuposa iwo, Nevena ndi Kalin pamodzi. Tebulo lingagwade ngati mbuzi.

Nevena analoza kabati. Amayi anati kabatiyo ndi yokalamba, imalira ngakhale ukaikapo chipewa.

Madzulo Tate anaimba. Nevena anawauza zonse. Tate anayang'ana kumbali. Kenako anati Amayi akunena zoona.

"Pepa, mwana wanga. Manja anga ali kutali."

Nevena anayang'ana Meya. Nsomba zikapita, iye adzawasungira chiyani Tate? Madzulo azidzaonera chiyani limodzi?

Kuseri kwa nyumba yawo yosanjikizana kunali mzere wa magalaja. Magalimoto sankagonamo. Munkakhala madoda, zitsulo ndi mawailesi akale.

M'galaja yakumapeto munali Chicho Lyuben. Sanali m'bale wawo. Koma ana onse ankawaitana kuti chicho, ngati amalume awo enieni. Kale ankawotcherera zitsulo kufakitale, limodzi ndi agogo ake a Nevena. Lero ankawotcherera zipata ndi timipanda takumanda. Ankati ntchito yakumanda yokha ndiyo ikuyenda bwino mutauni muno.

Nevena anaima pakhomo la galaja. Anapereka moni. Ananena zimene anadzera.

Chicho Lyuben anakweza chigoba chawo chakumaso. Ndevu zawo zinali zoyera, manja akuda.

Anati, "Nsomba zikufuna miyendo? Bwanji, nazonso zikufuna kupita ku Jeremani?"

Anaseka okha. Nevena sanaseke. Chicho Lyuben anamuyang'ana, kuseka n'kutha. Anakanda ndevu.

Anati moto ali nawo. Manja ali nawo. Koma chitsulo chabwino alibe. Chitsulo chinapita kunja, anthu n'kutsatira pambuyo.

Nevena anaganiza. Anaganizanso. Kenako anakumbukira bedi.

Pansi pa nyumbayo banja lililonse linali ndi kachipinda kosungira katundu. M'kachipinda ka akwawo munali mabotolo a tsabola wofiira. Munali mgolo wa kabichi. Kukhoma kunali bedi yachitsulo, yopanda matiresi. Tate ankagonapo ali mwana. Agogo anaipanga okha, ndi zitsulo zakufakitale.

Amayi anati bediyo si yawo. Mwini wake afunsidwe.

Madzulo Nevena anafunsa.

Kenako Tate anati, "Bedi imeneyo ndinkailumphira mpaka agogo ako kundithamangitsa ndi nsapato. Sinathyoke. Inyamule nsomba zako. Auze a Chicho aidule."

Tsiku lotsatira, atachoka kusukulu, Nevena anayamba ntchito.

Poyamba anayeza thanki. Chicho Lyuben anagwira tepi mbali iyi. Nevena anagwira mbali iyo. Anayeza m'litali. Anayeza m'lifupi. Anayezanso kachiwiri. Chicho Lyuben anati chitsulo ukadula, sichimeranso ngati tsitsi.

Kenako anatulutsa bedi. Inali ndi fumbi. Inali ndi dzimbiri. Chicho Lyuben anaisisita ngati akusisita hatchi. Anati chitsulo chotere lero kulibe. Cha lero umachipinda ndi bondo.

Chicho Lyuben anadula. Makina analira. Nevena anatseka makutu.

Nevena anapala dzimbiri. Anapala, anapala. Zala zinafiira. Mphuno inada. Chitsulo chinayamba kuwala.

Nthawi yowotcherera inafika. Chicho Lyuben anamuuza kuti atembenuke. Moto umenewo sayang'ana, umadya maso. Nevena anayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwake moto unathetheka. Khoma linawala. Chithunzithunzi chake chinavina pakhoma, chachitali ngati munthu wamkulu.

Nevena anaganiza za Tate. Mwina nawonso ankawotcherera nthawi yomweyo. Mwina khoma lawo linkawalanso chimodzimodzi.

Mwendo woyamba unaima. Wachiwiri unaima. Wachitatu. Wachinayi. Pamwamba panali chimango chogonapo thanki. M'munsi munali zitsulo zopingasa, kuti miyendo isatayane.

Chicho Lyuben anaikapo levulo, kachida koyezera kuwongoka. Umu munali kathovu kakang'ono m'kagalasi. Kathovuko kanaima pakati penipeni.

Anati, "Waona? Yowongoka ngati kandulo."

Anakhalapo. Sinagwedere. Anadumphadumpha ndi matako. Sinagwedere.

Penti inalipo yamtundu umodzi wokha, yobiriwira. Inatsala popenta kampanda ka manda ena. Nevena anati palibe kanthu, nsomba zimakonda zobiriwira. Anapenta yekha. Anapentanso chigongono chake mosadziwa.

Amayi anatumiza mabotolo a tsabola wofiira kugalaja, ngati malipiro. Chicho Lyuben anakwiya. Anati kodi iwo ndi alendo? Kodi mnzawo wa kufakitale, agogo ake a Nevena, akanamva akanati chiyani? Anakalipa, anakalipa. Kenako anabisa mabotolowo kuseri kwa wailesi.

Loweruka penti inali itauma.

Chikepe chokwezera anthu m'nyumbamo chinali chitafa, monga mwa masiku onse. Kwawo kwa Nevena kunali pamwamba penipeni. Chicho Lyuben anasenza miyendo ija pamsana. Nevena anagwirira kumbuyo. Anakwera masitepe. Anapuma. Anakweranso.

Zitseko zinkatseguka. Amayi ena anafunsa ngati limenelo ndi khola la akalulu. Agogo ena anati penti imeneyo akuidziwa, anaiona pamanda a amuna awo. Chicho Lyuben analibe mpweya woyankhira.

Kunyumba, Amayi anali atatsuka poto wamkulu wophikira tsabola. Anathiramo madzi a m'thanki. Nevena anavuula nsomba ndi kaukonde, imodziimodzi. Anaziika m'poto. Meya inathawathawa, koma pomaliza inagwidwa.

Anaika thabwa pamwamba pa chimango. Anayala kansalu kofewa. Amayi ndi Chicho Lyuben ananyamula thanki yopanda madzi. Anaikhazika bwinobwino.

Thanki inali m'mwamba.

Anayamba kuthira madzi. Ndowa imodzi. Ndowa ina. Ndowa inanso.

Nevena anayang'ana m'galasi. China chake chinali chitalakwika. Mbali ya kuzenera madzi anali ambiri. Mbali ya kukhomo madzi anali ochepa. Anakhudza mwendo umodzi. Unagwedera. Go, go.

Chicho Lyuben anati aleke kuthira. Nkhope yawo inafiira. Anati miyendo yawo ndi yowongoka, kathovu ndi mboni. Chopendekeka ndi nyumba. Anthu anaimanga mothamanga, kuti akuluakulu adzadule riboni tsiku la chikondwerero. Riboni anadula, m'manja anawomba, n'kupita. Pansi panatsala popendekeka mpaka lero.

Amayi sanadandaule. Anatenga nyuzipepala. M'nyumba imeneyo aliyense ankatero. Pansi pa mwendo wa tebulo panali pepala. Pansi pa kabati panali pepala. Pansi pa bedi panali pepala. Nyumba yonse inkaimira pa nyuzi zakale.

Amayi anapinda pepala. Anapindanso. Analowetsa pansi pa mwendo. Mwendo unasiya kugwedera.

Anathira ndowa ina. Madzi pang'ono anatayikira pansi. Pepala linanyowa. Thanki inalemera. Pepala linaphwatalala ngati chikondamoyo.

Go, go.

Chicho Lyuben anapukusa mutu. Anati galasi likakhala mopendekeka limasweka. Silisweka lero. Limadikira tsiku limene mwaiwala.

Amayi anayang'ana Kalin. Kalin anali pansi, akuyamwa chala chakuphazi.

Amayi analankhula motsitsa. "Tayesetsa, Nevenche. Mawa azakhali abwera."

Anayamba kukapa madzi aja.

Nevena sanafune kulira pagulu. Anapita kubafa. Anatseka chitseko. Anakhala pansi, n'kukumbatira mawondo. Misozi inatsika. Inafika pachibwano. Inagwera pansi.

Pafupi naye panali makina ochapira zovala. Nevena anawatsamira. Sanagwedere.

Anapukuta maso. Anawakankha ndi phewa. Sanagwedere.

Kubafa nakonso pansi panali popendekeka. Sopo akagwa ankatsetserekera kukona. Nanga makinawa ankaima bwanji? Nevena anagona chammbali. Anasuzumira pansi pake. Pepala panalibe.

Panali timapazi tinayi. Kena kanali katali. Kena kanali kafupi. Tonse tinali ndi mizere yozungulira, ngati pakamwa pa botolo. Nevena anakumbukira. Tsiku lina Tate anagona pomwepa ndi sipanala. Ankapotokola timapazito, uku akuimba mluzu.

Nevena anatsegula chitseko. Anakoka Chicho Lyuben pamalaya mpaka kubafa.

Chicho Lyuben anagwada. Mawondo awo analira ngati nkhuni zouma. Anasuzumira. Anakanda ndevu.

Nevena anati, "Chicho, miyendo yathu ilibe mapazi. Tiipangire mapazi opotokola."

Chicho Lyuben anamuyang'ana. Anati mabawuti ali nawo chitini chonse. Manati alinso nawo. Kenako anakumbukira masitepe aja, n'kubuula.

"Iwe mwana, ukufuna kampanda kotsatira ndidzipangire ndekha?"

Ulendo uno Nevena anaseka.

Asanatsike, anasuzumira m'poto. Nsomba zinali pamwamba pa madzi, zikutsegulatsegula pakamwa. Mpweya unali ukuchepa. Nevena analowetsa kapaipi kotulutsa thovu. Madzi anayamba kubwata pang'onopang'ono. Anauza Meya kuti ipirire. Amayi anakweza poto pachitofu chozima, kutali ndi Kalin.

Anatsitsa thanki. Anatsika masitepe ndi miyendo ija. Zitseko zinatsegukanso. Amayi oyandikana nawo aja anafunsa ngati akalulu alikana khola.

M'galaja, Nevena anasankha mabawuti anayi onenepa. Anasankha manati anayi. Anatembenukira kukhoma osauzidwa. Moto unathetheka. Mwendo uliwonse unalandira nati kunsi kwake. Zitazizira, Nevena analowetsa mabawuti. Ukapotokola uku, mwendo unkatalika. Ukapotokola uko, mwendo unkafupika.

Anakweranso masitepe. Anapuma. Anakwera. Anapuma kawiri. Chicho Lyuben anati akadzafa, amulembe pamwala kuti anaphedwa ndi nsomba.

Anakhazikanso thanki. Anathira madzi pang'ono okha. Madzi anapendekeka ngati poyamba.

Nevena anagona pansi ndi sipanala. Amayi anagwada kutsogolo kwa galasi, maso pa mzere wa madzi.

Nevena anapotokola bawuti ya kuzenera.

"Pang'ononso," anatero Amayi.

Nevena anapotokola.

"Pang'ononso."

Nevena anapotokola. Dzanja linawawa. Anasintha dzanja. Anapita kumwendo wina. Anapotokolanso.

"Basi. Ima pomwepo."

Nevena anadzuka. Anayang'ana. Madzi anali atagona mofanana, kuzenera ndi kukhomo. Anakhudza mwendo. Zii. Anaukankha. Zii.

Chicho Lyuben anaboola khoma. Anamangirira chimango kukhoma ndi kachitsulo kopindika. Anakweza chingwe chamagetsi m'mwamba, kumene kadzanja sikangafike.

Anadzaza madzi. Ndowa ina. Ndowa inanso. Mzere wa madzi unakwera, osapendekeka. Nevena anabwezera miyala. Anabwezera zomera. Anabwezera nsomba, imodziimodzi. Meya inalowa pomaliza. Inazungulira thanki yonse, ngati yamanga ndi iyo.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Anagwedeza mwendo ndi manja awiri. Kenako anati azakhali mawa adzangomwa khofi n'kubwerera.

Nevena anawakumbatira m'chiuno. Penti ya pachigongono inali idakalipo.

Amayi anakaniza Chicho Lyuben kupita. Anati adye kaye. Anaika nyemba patebulo, buledi ndi tchizi. Akudya, foni inalira.

Anali Tate. Anali atakhala pabedi, m'kachipinda kawo kopapatiza. M'manja munali mbale ya chakudya.

Lero Nevena sanagone pansi. Anaimirira. Analoza foni kugalasi. Meya inadutsa pamphuno pake penipeni. Kenako anatsitsa foni pang'onopang'ono. Anaonetsa chimango. Anaonetsa miyendo yobiriwira. Anaonetsa mapazi.

Tate anafunsa kuti nzeru ya mabawutiyo ndi ya ndani. Chicho Lyuben anayankha ali ndi buledi m'kamwa. Anati iwo anangobwereketsa manja. Mutu ndi wa mwanayu.

Tate anati, "Nevenche." Anaika mbale pambali.

Pamenepo Kalin anatulukira pansi pa tebulo. Anakwawa. Anakwawira kuthanki, monga mwa chizolowezi chake. Anafika. Galasi panalibe. Panali mwendo wobiriwira.

Kalin anaugwira ndi dzanja limodzi. Anaugwira ndi linalo. Anakoka.

Amayi anafuna kudzuka. Chicho Lyuben anawagwira pamkono.

Kalin anakoka. Mwendo sunasunthe. Anakokanso. Matako anachoka pansi. Bondo limodzi linawongoka. Linalo linawongoka. Kalin anaima.

Anaima yekha, atagwira chitsulo. Anakweza mutu. Pamwamba pake nsomba zinkadutsa. Anatsegula pakamwa, dovu n'kutsika.

Nevena sanagwedeze foni. Anaigwira ndi manja awiri, kuti Tate aone bwino.

Tate anaona. Anapukuta m'maso ndi malaya. Anati kumeneko kuli fumbi lambiri.

Amayi anati tsopano kuyenda kwayandikira. Mwana akaponda mapazi oyamba, mwa mwambo anthu amaphika buledi wozungulira, wopaka uchi. Amagubuduza bulediyo pansi, mwana n'kumutsatira. Anati ayambe kufunafuna ufa wabwino.

Tate anayandikitsa nkhope pafoni.

Anati, "Buledi ameneyo ndidzagubuduza ndine. Ameneyu akangoyenda, ndikukwera basi. Abwana afune, asafune."

Phi! Kalin anakhala pansi. Anadabwa. Kenako anaseka.

Nevena anapereka foni kwa Amayi. Anagwada. Anatenga timanja ta Kalin. Anatiikanso pamwendo wachitsulo uja.

Anamunong'oneza m'khutu. "Imanso, Kalin. Fulumira. Tate akudikira."